Olivia Colman: kodi luso lake linasulidwa m'nthabwala, kapena anachita kuzithawa?

NaPhiri

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga okonda zisudzo. Ndabwera ndi funso limene lakhala likundizungulira m'mutu kwa masabata angapo, ndipo ndikukhulupirira kuti pano pali ena amene anayamba kuonera masewero a ku Britain ine ndisanayambe.

Sewero loyamba limene ndinamuoneramo Olivia Colman ndi Broadchurch, la wailesi ya kanema ya ITV, m'mene iye ndi Ellie Miller, wapolisi wofufuza za imfa ya mnyamata wa zaka 11 amene mtembo wake unapezeka m'mphepete mwa nyanja, m'tauni yaing'ono imene aliyense amadziwana ndi mnzake. Ndinaonera magawo onse 8 a chigawo choyamba m'masiku awiri, ndipo pa gawo lomaliza, pamene Ellie akuuzidwa dzina la munthu amene anapha mwanayo, ndinalira ngati malirowo ndi a pakhomo panga. Pambuyo pake ndinamuonanso mu The Crown ali Mfumukazi Elizabeth, choncho m'maganizo mwanga ndinamuika m'gulu la akatswiri a masewero a nkhani zolemera, zija zimene munthu ukaonera umagona mtima uli m'mwamba.

Posachedwapa ndinadabwa kumva kuti kwa zaka zoposa 10 asanafike mu Broadchurch, anthu a ku Britain ankamudziwa ngati munthu wa nthabwala. Ndinafunafuna sewero loseketsa la Peep Show n'kuonera magawo angapo, ndipo zinandivuta kukhulupirira kuti Sophie, mtsikana wa mu ofesi amene akuvutika ndi chibwenzi cha mwamuna wamantha ndi wosakhazikika maganizo, ndi munthu yemwe uja amene anandiliza.

Funso langa ndi ili: kodi zaka zimene anakhala m'masewero oseketsa zinali zongodikirira mwayi wa ntchito yeniyeni, kapena ndi kumene anaphunzira zimene tikumutamandira nazo lero? Ndiponso ndikufuna kudziwa ngati njira imeneyi ndi yake yekha, kapena ndi mmene zimayendera kwa amayi ochita zisudzo ku England. Amene mukudziwa, chonde ndithandizeni.

Chisale

Zikomo mayi NaPhiri chifukwa cha funso limeneli. Ine ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata zisudzo kwa zaka zambiri, ndipo dzina la Colman ndimalitchula kawirikawiri ndikafuna kuwaonetsa kuti kuseketsa anthu ndi kuwaliza zimachokera pa muzu umodzi. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti m'nthabwala ndi mmene mayiyu anasulidwira, koma ndiloleni ndiyambire kumene anachokera kuti zimene ndinene zikhale ndi potsamira.

Anabadwira ku Norwich, kum'mawa kwa England, pa 30 Januwale 1974, ndipo dzina limene makolo ake anamupatsa ndi Sarah. Dzina la Olivia analitenga polowa ntchito, chifukwa bungwe la ochita zisudzo la Equity sililola mamembala awiri kudziwika ndi dzina limodzi, ndipo kunali kale Sarah Colman wina. Anapita ku Cambridge kukaphunzira uphunzitsi pa koleji ya Homerton, koma sanakhalitse. Chimene anatola kumeneko ndi gulu la ophunzira ochita nthabwala lotchedwa Footlights, mmene anadziwana ndi David Mitchell ndi Robert Webb. Kenaka anakaphunzira zisudzo pa Bristol Old Vic Theatre School n'kumaliza mu 1999. Sukulu imeneyi imaphunzitsa masewero a mitundu yonse, kotero tisaganize kuti iye anali woseketsa wamba amene anadzangogwera m'nkhani zolemera mwangozi. Kungoti ntchito zimene zinayamba kumugogodera zinali za nthabwala, ndipo zinabwera kudzera mwa anzake awiri aja: Bruiser pa BBC mu 2000, kenaka Peep Show pa Channel 4 kuyambira 2003.

Popeza Peep Show mwaionera, ndikupempheni mukaiyang'anenso ndi diso lina, chifukwa kajambulidwe kake ndi kachilendo ndipo ndi sukulu pakokha. Kamera imaima m'malo mwa maso a munthu amene ukulankhula naye. Wosewera sayang'ana mnzake kumaso monga zimakhalira m'masewero ena, koma amayang'ana m'diso la kamera n'kumalankhula nalo ngati munthu wamoyo. Kuonjezera apo, oonera amamva maganizo a mumtima a amuna awiri aja, Mark ndi Jeremy, amene amawasewera Mitchell ndi Webb, koma a Sophie sawamva. Zonse zimene Sophie akuganiza, kaya ndi kukayika, kutopa, chifundo kapena kunyansidwa, ziyenera kuonekera pankhope pake, nkhope imene yadzaza kanema yense ndipo ilibe pobisala. Munthu amene wachita zimenezi kwa zaka zingapo saopanso kamera ikamuyandikira, ndipo amadziwa kuti kugwedera kochepa kwa mlomo kapena kuphethira kumodzi n'kokwanira kunena zimene wolemba sanalembe.

Chitsanzo chimene ndimachikonda chili kumapeto kwa chigawo chachinayi, cha mu 2007, pamene Mark akukwatira Sophie asakufuna, chifukwa chongosowa mtima woti akane. Sophie akulira paukwatiwo. Oonera amaseka chifukwa zinthu zasokonekera mochititsa manyazi, koma mukayang'anitsitsa muona kuti Colman sakulira moseketsa ayi. Akulira ngati mkazi amene wazindikira ali pa guwa kuti walakwitsa moyo wake. Nthabwala ya gawo limenelo ikuchokera pa kusiyana kwa chisoni chenicheni cha mkaziyo ndi kudzikonda kwa mwamunayo, ndipo akanati alire mokometsera, kusekako kukanatha pomwepo. Achinyamata anga ambiri amaganiza kuti woseketsa ndi amene akulankhula mawu oseketsawo. Nthawi zambiri kuseka kwa oonera kumadikira nkhope ya amene mawuwo amugwera, ndipo Colman anakhala zaka zambiri pa mpando wa wogweredwayo. Pa mpando umenewo munthu amaphunzira kumvetsera mnzake moona, ndi kudziwa kutalika kwa kachetechete amene ayenera kudutsa asanayankhe.

Zimenezi zimaonekanso bwino mu Twenty Twelve, sewero la BBC la mu 2011 ndi 2012 lonena za kagulu ka akuluakulu okonzekera masewera a Olympics a ku London. Iye ndi Sally Owen, mlembi wa mkulu wa kaguluko, amene amamusewera Hugh Bonneville. Sally amawakonda bwana ake mwakachetechete ndipo sanena. Amangowakonzera zonse asanapemphe, n'kumayankha mawu awiri kapena atatu. Mbali imeneyi papepala ndi yochepa kwambiri, koma oonera ambiri anatsala akumuganizira Sally kuposa akuluakulu onse olongolola aja.

Tsono titafika pa Tyrannosaur, filimu ya mu 2011 imene inasintha mmene anthu ankamuonera, sindiona munthu watsopano. Paddy Considine, amene analemba ndi kutsogolera filimuyo, anadziwana naye pojambula filimu ya nthabwala ya Hot Fuzz, yomwe inatuluka mu 2007. Anamupatsa mbali ya Hannah, mayi wopemphera wogwira ntchito m'sitolo yogulitsa zinthu zothandizira osowa, amene amamwetulira aliyense masana pamene usiku mwamuna wake amamuzunza mwankhanza zosaneneka. Kumwetulira kuja, kumene oonera anakuzolowera m'masewero oseketsa, ndi kumene kukubisa mabala mu filimuyi, ndipo n'chifukwa chake imapweteka mtima chotero.

Umboni wina ndi wa mu Meyi 2013, pa mwambo wa mphoto za BAFTA za masewero a pa kanema. Usiku umodzi womwewo analandira mphoto ziwiri: ina ya nthabwala chifukwa cha Twenty Twelve, ina ya nkhani zolemera chifukwa cha Accused, sewero la Jimmy McGovern mmene iye ndi mayi amene mwana wake waphedwa ndi mfuti. Chaka chotsatira analandiranso ina chifukwa cha Broadchurch. Ndipo mu Broadchurch momwemo, kumbukirani mmene Ellie akuyambira: wabwera kuchokera ku tchuthi akuyembekezera kukwezedwa pa ntchito, n'kupeza kuti udindowo wapatsidwa kwa mlendo, Alec Hardy, amene amamusewera David Tennant. Kukangana kwa awiriwa m'galimoto ndi mu ofesi n'koseketsa ndithu, ndipo ndi kumene kunakuchititsani kumukonda Ellie ngati mnansi wanu. Gawo lomaliza linakulizani chifukwa magawo 7 oyambawo munali mutaseka naye kale. Dzina la wopha mwanayo sinditchula, poopa kuwaonongera amene sanaonere.

NaBanda

A Chisale, mwafotokoza bwino kwambiri, ndipo zimene mwanena za kajambulidwe ka Peep Show sindinazilingalirepo motero. Komabe ndikupempha kusiyana nanu pang'ono, chifukwa ndikuopa kuti mayi NaPhiri angachoke pano akuganiza kuti njirayi inali yosalala, ngati kuti munthu akachita bwino m'nthabwala ndiye kuti khomo la nkhani zolemera limangotseguka lokha.

Tiyeni tione mbali zimene ankapatsidwa m'zaka zimenezo. Mu Peep Show ndi chibwenzi cha mwini nkhani. Mu Green Wing, ya mu 2004 mpaka 2006, ndi mayi wa mu ofesi ya chipatala wotopa ndi ana. Mu Rev., imene inayamba mu 2010, ndi mkazi wa m'busa wa tchalitchi cha kum'mawa kwa London, ngakhale kuti mkaziyo ndi loya wanzeru zake. Mu Twenty Twelve ndi mlembi wa bwana. Pafupifupi kulikonse waima pambali pa mwamuna amene nkhani ndi yake. Inu mukuti mpando umenewo unamuphunzitsa kumvetsera, ndipo sindikukana, koma ndi mpando umene amayi ambiri aluso anaukhalira mpaka kukalamba popanda wowaitana kuti abwere pakati. Kuphunzira kumene mukunenako kunachitika chifukwa malo ena anali otsekeka.

Iye mwini anaona vuto limeneli. Atasewera zigawo ziwiri za That Mitchell and Webb Look, amene amamufunira ntchito anamulangiza kuti dzina lake lamamatira kwambiri kwa anzake awiri aja, ndipo anasiya sewerolo ngakhale kuti zinali zomuwawa. Choncho pa funso lakuti kodi anachita kuzithawa nthabwala, ine ndinganene kuti panali nthawi imene anayenera kubwerera m'mbuyo dala kuti anthu ayambe kumuona payekha.

Chachiwiri, Tyrannosaur inatheka chifukwa munthu mmodzi, Considine, anaona zimene ena onse sanaone. Anayamba kumuyesa mu filimu yaifupi ya Dog Altogether mu 2007, ndipo panadutsa zaka zinayi kuti yaitaliyo ituluke. Pamene inkatuluka, Colman anali ndi zaka 37. Ngakhale filimuyo inamupezetsa mphoto pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance ndiponso pa mphoto za mafilimu a ku Britain osadalira makampani akuluakulu, dzina lake silinaoneke n'komwe pa mndandanda wa amayi opikisana pa mphoto za BAFTA za mafilimu mu 2012, ndipo anthu ambiri anadandaula poyera. Mutu umodzi susenza denga: luso linalipo kuyambira kale, koma linafunika wolemba woti alikhulupirire, ndipo zitatero panafunikanso nthawi kuti eni mphoto avomereze.

Taonaninso The Night Manager, ya mu 2016. M'buku la John le Carré limene sewerolo linachokera, kazitape wofunafuna wogulitsa zida zankhondo uja ndi mwamuna, Leonard Burr. Okonza sewerolo anamusandutsa mkazi, Angela Burr, ndipo Colman atawauza kuti ndi woyembekezera, anaika pathupipo m'nkhaniyo m'malo mofuna munthu wina. Mbali imeneyo inamupezetsa mphoto ya Golden Globe. Ndimakondwera nazo, koma zimandionetsanso kuti mbali zolemera za amayi a msinkhu wake zinali zosowa mpaka kufika pochita kubwereka ya mwamuna. Wogulitsa zida m'sewero lomwelo ndi Hugh Laurie, amenenso anachokera ku Footlights ndi masewero oseketsa, koma iye sanafunike kuti wina asinthe buku kuti apeze malo.

Pali mayi wina amene ndimamukumbukira nthawi zonse tikamakamba za Tyrannosaur, ndiye Kathy Burke. Anthu ankamudziwa poseketsa m'mapulogalamu a Harry Enfield, koma mu 1997 analandira mphoto ya mayi wosewera bwino koposa pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes chifukwa cha Nil by Mouth, filimu ya Gary Oldman, mmene nayenso anali mkazi womenyedwa ndi mwamuna wake. Pambuyo pake anabwerera ku nthabwala mu Gimme Gimme Gimme, kenaka anaika mtima wake pa kutsogolera masewero a pa siteji. Chiyambi chofanana chinawafikitsa awiriwa kosiyana, choncho tisatenge ulendo wa Colman ngati lamulo.

Gama

Ndawerenga mayankho onse awiri, ndipo ndikufuna kuyankha mbali yachiwiri ya funso la achemwali athu, yakuti kodi njira imeneyi ndi yofala ku England. Ndi yofala ndithu kuposa m'maiko ena ambiri, ndipo zifukwa zake zili m'kayendetsedwe ka ntchito ya kanema ya kumeneko.

Sewero loseketsa la ku Britain kawirikawiri limakhala ndi magawo 6 okha pa chigawo, lililonse la theka la ola, ndipo amalemba ndi munthu mmodzi kapena awiri. Peep Show yonse, kuyambira 2003 mpaka 2015, ili ndi zigawo 9 ndi magawo 54 basi. Yerekezerani ndi masewero a pa mawailesi akuluakulu a ku America, amene ankatulutsa magawo oposa 20 pa chaka n'kumumanga wosewera pa mbali imodzi kwa zaka zambiri. Wosewera wa ku Britain amamaliza kujambula m'masabata ochepa, ndipo miyezi yotsalayo ayenera kufuna ntchito ina, kaya pa siteji, pa wailesi ya BBC Radio 4, kapena m'sewero la apolisi. Umphawi wa magawowo ndi umene umamukakamiza kudziwa ntchito za mitundu yambiri. Chinanso n'chakuti BBC imayendera ndalama za chiphaso chimene mabanja oonera kanema amalipira, ndipo Channel 4, yomwe inayamba mu 1982, inakhazikitsidwa ndi udindo woyesa zinthu zatsopano, kotero masewero ang'onoang'ono osakopa chikhamu cha anthu amapatsidwa mpata wokula.

Palinso kusintha kumene kunachitika nthawi yomwe Colman ankayamba ntchito. Masewero oseketsa akale ankajambulidwa pamaso pa gulu la anthu, kuseka kwawo n'kumamveka pa kanema, ndipo wosewera ankayenera kukweza mawu ndi kudikira kuti kusekako kuthe. The Royle Family mu 1998 ndi The Office mu 2001 zinaonetsa kuti sewero lingaseketse popanda gulu loseka, anthu akulankhula motsitsa ngati m'moyo weniweni. Colman anaonekako pang'ono mu The Office mu 2002 ngati mtolankhani, ndipo Peep Show, Green Wing, Rev. ndi Twenty Twelve onse ndi a mtundu watsopanowu. Kaseweredwe kake sikasiyana kwenikweni ndi ka nkhani zolemera, n'chifukwa chake mbadwo wake unaoloka mosavuta kuposa wa m'mbuyo.

Komabe ngakhale akale anaoloka. Patricia Routledge, amene dziko lonse limamudziwa ngati Hyacinth Bucket wa mu Keeping Up Appearances, ya mu 1990 mpaka 1995, anali atasewera kale mu Talking Heads ya Alan Bennett mu 1988. Mmenemo ali yekhayekha pamaso pa kamera, ngati mayi wosungulumwa amene amalemba makalata odandaula za anansi ake mpaka kukathera kundende, kumene kwa nthawi yoyamba akupeza anzake ndi chimwemwe. Sarah Lancashire anatchuka ngati Raquel, wogulitsa mowa wosekedwa mu Coronation Street kuyambira 1991 mpaka 1996, ndipo patapita zaka 18 anadzakhala wapolisi Catherine Cawood mu Happy Valley ya Sally Wainwright, mbali imene inamupezetsa mphoto za BAFTA mu 2017 ndi 2024. Apa mayi NaBanda akulondola, chifukwa amayi onsewa anafunika wolemba wowadziwa, ndipo zaka 18 si zochepa.

Pamene ndikutsamira kwa a Chisale ndi pa mfundo yakuti Colman sanazisiye nthabwala atatchuka. Mu Fleabag, ya Phoebe Waller-Bridge, anasewera mayi wopeza amene amabaya anthu ndi mawu uku akumwetulira mokoma, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo anagwiritsa ntchito dala nkhope yake yodziwika ndi chifundo kuti nkhanzazo zilowe bwino. Mphoto yake ya Oscar, imene analandira mu Febuluwale 2019 pamene ambiri ankayembekezera kuti ipita kwa Glenn Close, inabwera chifukwa cha The Favourite, filimu imene pa mphoto za Golden Globe inali m'gulu la zoseketsa. Mfumukazi Anne, amene analamulira kuyambira 1702 mpaka 1714, anatenga pathupi ka 17 koma palibe mwana wake amene anakula kufika pa uchikulire. Mu filimuyo Colman akumuonetsa akukalipa ndi kunyanyala ngati mwana, oonera n'kumaseka, kenaka kamera n'kuima pankhope yake nthawi yaitali akuonerera ena akuvina, mpaka kusekako kuzilala kokha.

NaPhiri

Zikomo kwambiri nonse atatu, mwandipatsa zambiri zoti ndikaonere ndi zoti ndiziganizire. Zimene mayi NaBanda anena za mpando wa pambali zandikhudza, chifukwa poonera Peep Show ndinkalakalaka nditamva maganizo a Sophie ngakhale kamodzi kokha.

Ndatsala ndi kafunso kamodzi kwa a Chisale. Ngati mphamvu ya Colman ili pankhope yosabisa kanthu, nanga bwanji anamusankha kukhala Mfumukazi Elizabeth, munthu amene ntchito yake yonse inali kubisa zimene akumva? Kunena zoona, mu The Crown ndinamuona ngati womangika, ndipo nthawi zina ndinkamusowa Claire Foy, amene anasewera mbaliyo m'zigawo ziwiri zoyamba. Kodi vuto linali la ine woonera, kapena mbaliyo sinamuyenere?

Chisale

Mayi NaPhiri, simuli nokha pa maganizo amenewo, ndipo sindinganene kuti maso anu anakunamizani. Ndisanayankhe, ndivomereze kwa mayi NaBanda kuti mfundo yawo ya mbali za pambali ndi yoona, ndipo ndinaidutsa mofulumira chifukwa ndinkayang'ana zimene wosewerayo anapindula, osayang'ana zimene anamanidwa.

Za The Crown, kumangika kumene munaonako kunalipodi, ndipo iye mwini anafotokozapo poyera za vutoli. Colman ndi munthu amene misozi ili pafupi: mnzake akamalankhula zomvetsa chisoni, iye amayamba kulira. Mfumukazi ya m'seweroli siyenera kutero. Pofuna kuthana nazo, okonza sewerolo ankamuika kachipangizo m'khutu kamene kankamumvetsa ulosi wa nyengo wa oyenda panyanja, uja umaulutsidwa pa BBC Radio 4, kuti maganizo ake achoke pa zimene mnzake akunena. Ndikaganizira zimenezi ndimaona kukula kwa nsembe imene anapereka, chifukwa chida chake chachikulu, chimene ndachitamanda pamwambapa, ndi kumvetsera, ndipo apa anachita kudzitseka makutu kuti mbaliyo itheke.

Tisaiwalenso kuti iye ndi Foy sanapatsidwe mkazi mmodzimodzi. Foy anasewera mtsikana amene ufumu wamugwera mwadzidzidzi, akulimbana nawo, ndipo kulimbanako n'kosavuta kukukonda. Colman analandira zaka za 1964 mpaka 1990, pamene mayiyo wazolowera udindo ndipo waphunzira kukhala chete ngati mwala. Wolemba, Peter Morgan, anaika kuuma kumeneko pakati penipeni pa gawo la Aberfan. M'mudzi umenewo wa ku Wales, pa 21 Okutobala 1966, phiri la zinyalala za mgodi wa malasha linagumukira pa sukulu ndi nyumba zoyandikana nayo, n'kupha anthu 144, mwa iwo ana 116, ndipo Mfumukazi inapita kukaona anamfedwa patadutsa masiku 8. Gawolo likufunsa ngati mayiyu amatha kulira n'komwe. Kuika pamenepo wosewera amene oonera onse akudziwa kuti amalira msanga kunachititsa kuti tiziona misozi ikukanizidwa kuseri kwa maso, mpaka pamapeto pamene ali yekha akumvetsera nyimbo ya tchalitchi imene anamfedwa anaimba, msozi n'kutsika. Ndi wosewera wouma mwachibadwa tikanangoona kuuma kokha.

Ngakhale zili choncho, ndikugwirizana nanu kuti m'chigawo chachitatu muli magawo ena amene akuoneka ngati wavala chovala chomuthina. M'chigawo chachinayi, cha mu 2020, ndi mmene anamasuka, makamaka pokumana ndi nduna yaikulu Margaret Thatcher, amene amamusewera Gillian Anderson, pamene amayi awiriwa akulasana ndi mawu aulemu ndipo kachetechete wa pakati pa mawuwo ndi uja anamuphunzira kalekale. Chigawo chimenecho ndi chimene chinamupezetsa mphoto ya Emmy mu 2021. Ngati mukufuna kumuona nkhope yake itamasulidwanso, funani The Father, filimu ya mu 2020, mmene iye ndi mwana wamkazi wosamalira bambo ake amene nzeru zikuwathawa chifukwa cha ukalamba, ndipo bambowo ndi Anthony Hopkins. Mukaonere makamaka pamene bamboyo akutamanda mwana wake wina pamaso pa mlendo, uku amene akuwasamalirayo waima pomwepo akuyesetsa kumwetulira.